Mphanda ya kavalo

Phunziro la sabata ino: masewera a xadrez

1. Mtsikana akana kusewera

M'mudzi wina pafupi ndi Ulónguè, m'boma la Angónia, munali mtsikana wa kalasi yoyamba. Iye ankakhala ndi amayi ake, acimwene ake ndi agogo ake aamuna. Acimwene akewo anali kalasi yacisanu.

Agogo anali ndi thabwa la xadrez. Thabwalo analipala okha, nalemba mizere yake ndi makala. Zidole zosewerera anaziumba ndi dongo la kudambo. Zina anazipaka phulusa kuti ziyere. Zina anazipaka makala kuti zide.

Madzulo, nchito za pakhomo zikatha, ana awiriwa ankasewera pansi pa mtengo wa mango. Tsiku lililonse mnyamata ankapambana. Mtsikana ankakonda mfumukazi yokha. Ankathamanga nayo uku ndi uku mpaka inkadyedwa. Akavalo ake awiri ankangokhala pamalo pawo. Iye ankati, "Kavalo amayenda mokhota. Amandisokoneza."

Lamulungu lina mtsikana anagonja katatu. Acimwene ake anaseka nati, "Iwe ndiwe mwana. Xadrez ndi masewera a akuluakulu."

Mtsikana anakankha thabwa. Zidole zinagwa pansi, ndipo kavalo mmodzi anathyoka khutu. Iye analira nati, "Sindidzaseweranso!"

Agogo anatola kavaloyo nampukuta fumbi. Anati, "Mdzukulu wanga, undipatse masiku asanu okha. Ndikuonetsa nchito ya kavalo uyu. Loweruka udzasewere kamodzi ndi acimwene ako. Ukadzafuna kuleka pambuyo pake, udzaleke."

Mtsikana anapukuta misozi nati, "Cabwino, agogo."

Yankhani:
Kodi agogo anaumba zidole ndi ciyani?
Kodi mtsikana ankakonda cidole citi?
N'cifukwa ciyani sankayenda ndi akavalo ake?

2. Lolemba: thabwa ndi zidole

Lolemba, mtsikana atabwera kusukulu, agogo anayala thabwa pamphasa.

Thabwa la xadrez lili ndi nyumba 64. Nyumba 32 ndi zoyera, nyumba 32 ndi zakuda. Poyala thabwa, nyumba ya pakona ya kudzanja lamanja la wosewera ikhale yoyera.

Nyumba iliyonse ili ndi dzina. Mizere yoimirira ili ndi zilembo: a, b, c, d, e, f, g, h. Mizere yogona ili ndi manambala: 1, 2, 3, 4, 5, 6, 7, 8. Dzina la nyumba limayamba ndi cilembo, kenaka nambala.

Agogo anaika cala pa nyumba ina nafunsa, "Nyumba iyi dzina lake ndani?"

Mtsikana anatsika ndi cala cake, napeza c. Anapita kumbali, napeza 7. Anayankha, "Ndi c7, agogo."

Wosewera aliyense amayamba ndi zidole 16. Wa zidole zoyera ndiye amayamba kuyenda. Aliyense amasuntha cidole cimodzi, kenaka amadikira mnzake.

Mfumu ndi imodzi. Imayenda nyumba imodzi mbali iliyonse.
Nsanja ndi ziwiri. Zimayenda molunjika, kutsata mzere woimirira kapena wogona.
Abispo ndi awiri. Amayenda mopendekera, kutsata makona a nyumba.
Mfumukazi ndi imodzi. Imayenda ngati nsanja, imayendanso ngati bispo.
Asilikali ndi 8. Amayenda nyumba imodzi kutsogolo, koma paulendo woyamba akhoza kuyenda ziwiri. Amadya mopendekera.
Akavalo ndi awiri. Oyera amayambira pa b1 ndi g1. Akuda amayambira pa b8 ndi g8.

Agogo anatenga njere za cimanga kuti aonetse mtengo wa cidole ciliconse. Patsogolo pa msilikali anaika njere 1. Pa kavalo anaika njere 3. Pa bispo anaikanso 3. Pa nsanja anaika 5. Pa mfumukazi anaika 9.

Mtsikana anafunsa, "Nanga mfumu, agogo?"

Agogo anati, "Mfumu ilibe mtengo. Ikatsekeredwa, masewera atha."

3. Laciwiri: kayendedwe ka kavalo

Kavalo ndi nyama yofanana ndi bulu, koma ndi yaikulu ndiponso yaliwiro. Kale asilikali ankakwera akavalo popita kunkhondo.

Laciwiri agogo anacotsa zidole zonse pathabwa. Anasiya kavalo wothyoka khutu uja, namuika pa d4.

Anati, "Kavalo ali ndi njira imodzi yokha. Amapita nyumba ziwiri molunjika, kenaka nyumba imodzi kumbali. Uziwerenga conco: imodzi, ziwiri, khota."

Mtsikana anagwira kavalo. Pa d5 anati, "Imodzi." Pa d6 anati, "Ziwiri." Pa e6 anati, "Khota." Kenaka anafuula, "Agogo, njira imeneyi ikufanana ndi cilembo ca L!"

Agogo anati, "Waona bwino. L ameneyu akhoza kuima, akhoza kugona, akhoza kuzondoka. Koma ndi L yemweyo."

Anabwezera kavalo pa d4, napatsa mtsikana njere za cimanga. Anati, "Ika njere pa nyumba iliyonse imene kavalo angafike."

Mtsikana anawerenga mosamala. Anaika njere pa c6 ndi e6, pa f5 ndi f3, pa e2 ndi c2, pa b3 ndi b5. Njere zinakwana 8. Zinazungulira kavalo ngati ana ozungulira moto.

Agogo anasunthira kavalo pakona, pa a1. Mtsikana anapeza nyumba ziwiri zokha: b3 ndi c2.

Agogo anati, "Kavalo wa pakati ali ndi njira 8. Kavalo wa pakona ali ndi njira 2. Ndiye kavalo amakonda pati?"

"Pakati, agogo."

Kenaka agogo anabwezanso kavalo pa d4, namzunguliza ndi asilikali mbali zonse. Anafunsa, "Kodi atuluka?"

Mtsikana anati, "Iyayi, watsekeredwa."

Agogo ananyamula kavalo, namdumphitsa pamwamba pa asilikali, namkhazika pa f5. Anati, "Kavalo amadumpha. Zimene wadumphazo sazidya. Amadya cokhaco cimene wacipeza pa nyumba imene watera."

Mtsikana anayang'anitsitsa thabwa. Anati, "Agogo, d4 ndi nyumba yakuda. Koma njere zonse zija zinali pa nyumba zoyera."

Agogo anaomba m'manja nati, "Usaiwale zimenezo. Kavalo akacoka pakuda amatera poyera. Akacoka poyera amatera pakuda. Zidzakuthandiza Lacinayi."

Yankhani:
Kodi kavalo wa pakati ali ndi njira zingati?
Kodi kavalo wa pakona ali ndi njira zingati?
Kavalo ali pa nyumba yoyera. Kodi atera pa nyumba yotani?

4. Lacitatu: mphanda

Lacitatu agogo anapita ndi mtsikana kuseri kwa nyumba, pa nkhokwe. Anamuonetsa mtengo wina wocirikiza nkhokweyo. Anafunsa, "Mtengo uwu pansi uli bwanji?"

"Ndi umodzi."

"Nanga pamwamba?"

"Wagawika pawiri. Ndi mphanda."

Agogo anati, "Pa xadrez palinso mphanda. Cidole cimodzi cimaopseza zidole ziwiri nthawi imodzi. Mnzako amasuntha cidole cimodzi cokha. Conco cimodzi cithawa, cina citsala."

Anabwerera pamphasa. Agogo anaika mfumu yakuda pa e8 ndi nsanja yakuda pa a8. Anaika mfumu yoyera pa e1 ndi kavalo woyera pa b5. Anati, "Zoyera ndi zako. Yenda."

Mtsikana anayenda ndi kavalo, namuika pa d6. Kucokera pa d6 kavalo anaopseza mfumu.

Mfumu ikaopsezedwa amati xeque. Mwini mfumu ayenera kuipulumutsa nthawi yomweyo. Saloledwa kucita cina ciliconse.

Agogo anasuntha mfumu yawo. Anati, "Waopseza cimodzi cokha, ndipo cathawa. Wadya ciyani?"

"Palibe."

"Bweza kavalo pa b5. Funa nyumba ina."

Mtsikana anawerenganso. "Imodzi" pa b6, "ziwiri" pa b7, "khota" pa c7. Anaika kavalo pa c7. Kucokera pamenepo anawerenga kumanja: d7, e7, khota, e8. Panali mfumu. Anawerenga kumanzere: b7, a7, khota, a8. Panali nsanja.

Anadumpha ndi cimwemwe nati, "Xeque! Mphanda, agogo!"

Agogo anakanda mutu. Anayang'ana mfumu, nayang'ana nsanja. Anati, "Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Ndikufuna kusunga zonse ziwiri, koma ulendo ndili nawo umodzi. Lamulo likuti ndipulumutse mfumu."

Anasunthira mfumu pa d7. Mtsikana anadya nsanja pa a8. Kavalo wa njere 3 anadya nsanja ya njere 5.

Yankhani:
Kodi mphanda ndi ciyani pa xadrez?
N'cifukwa ciyani agogo sanathawitse nsanja?

5. Lacinayi: mfumu ndi mfumukazi

Lacinayi agogo anaika mfumu yakuda pa g8 ndi mfumukazi yakuda pa c8. Mfumu yoyera anaiika pa g1. Kavalo woyera anamuika pa d5.

Mtsikana anaona mfumukazi, nacita mantha. Anati, "Agogo, mfumukazi ndi yamphamvu. Idya kavalo wanga."

Agogo anati, "Yamba wafuna mphanda. Za mantha tikambirana pambuyo."

Mtsikana anayesa nyumba zonse ndi maso. Anaima pa e7. Kucokera pa e7 anawerenga kumanja: f7, g7, khota, g8. Mfumu! Anawerenga kumanzere: d7, c7, khota, c8. Mfumukazi! Anaika kavalo pa e7 nati, "Xeque."

Agogo anati, "Tsopano tenga mfumukazi yanga, uyese kudya nayo kavalo wako."

Mtsikana anayesa molunjika, koma sinafike pa e7. Anayesa mopendekera, koma inadutsa pa d7 ndi e6. Sinafikenso pa e7.

Agogo anati, "Mfumukazi imayenda kutali, koma siidziwa kukhota. Kavalo akaiopseza, iyo siingamubwezere. Nsanja ndi bispo nawonso sangamubwezere. Tsopano tenga cidole cina cakuda, uchinge naco pakati pa kavalo ndi mfumu."

Mtsikana anaika msilikali pa f7. Kenaka anaseka yekha nati, "Sizithandiza. Kavalo amadumpha."

"N'zoona. Xeque wa nsanja umatha kumuchinga. Xeque wa bispo umatha kumuchinga. Xeque wa kavalo sachingika. Mfumu ithawe, kapena kavaloyo adyedwe."

Mfumu inathawira pa h8. Kavalo anadya mfumukazi pa c8. Njere 3 zinadya njere 9.

Agogo anabweza zidole pamalo pake nati, "Kumbuka za Laciwiri. Mfumu ili pa nyumba yotani?"

"Yoyera."

"Mfumukazi?"

"Yoyera."

"Kavalo asanadumphe?"

"Yoyeranso."

Agogo anati, "Cinsinsi cake ndi cimeneco. Kavalo amaopseza nyumba za mtundu umodzi. Ukaona mfumu ndi mfumukazi pa nyumba zofanana mtundu, kavalo alinso pafupi pa mtundu womwewo, tsegula maso. Mwina pali mphanda."

Yankhani:
Kodi mfumukazi ingadye kavalo amene akuiopseza?
Kodi xeque wa kavalo amachingika?

6. Lacisanu: yamba wayang'ana

Lacisanu agogo anayala zidole monga Lacitatu: mfumu yakuda pa e8, nsanja yakuda pa a8, kavalo woyera pa b5. Koma anaonjeza mfumukazi yakuda pa d8.

Mtsikana sanacedwe. Anatola kavalo namuika pa c7. Anafuula, "Mphanda!"

Agogo sanayankhule. Anasuntha mfumukazi mopendekera nyumba imodzi, kucoka pa d8 kufika pa c7. Kavalo anadyedwa.

Mtsikana anagwira pakamwa. Misozi inalengeza.

Agogo anati, "Kuthamanga sikufika, mdzukulu wanga. Mfumukazi inali mlonda wa nyumba imeneyo. Pa xadrez, cidole ukacigwira uyenera kuyenda naco. Conco manja aziyamba akhala pamwendo, maso azigwira nchito. Usanagwire kavalo, dzifunse mafunso atatu."

Mafunso ake ndi awa:
Kavalo wanga angatere pati?
Akatera pamenepo, aopseza ndani ndi ndani?
Kodi nyumba imeneyo ili ndi mlonda?

Mtsikana anawanena katatu mpaka anawaloweza.

Kenaka agogo anamuonetsa kuti kavalo amafuna mnzake. Anaika mfumu yakuda pa e8, mfumukazi pa d8, nsanja pa h8 ndi msilikali pa f7. Kavalo woyera anamuika pa g5. Anati, "Kavalo akadya msilikali pa f7, aopseza mfumukazi ndi nsanja. Kodi pali mlonda?"

"Alipo. Mfumu ili pafupi. Idya kavalo."

Agogo anaika bispo woyera pa c4. Njira yake inadutsa pa d5 ndi e6 mpaka pa f7. Anafunsa, "Nanga tsopano?"

Mtsikana anaganiza nati, "Mfumu siingadye. Ikalowa pa f7, ilowa m'njira ya bispo."

"Eya. Mfumu siiloledwa kulowa pa nyumba yoopsezedwa. Bispo wateteza kavalo, ndipo mphanda yagwira."

Mtsikana anafunsa, "Agogo, nanga acimwene akandichera mphanda ine?"

Agogo anati, "Usalire msanga. Yang'ana ngati ungadye kavaloyo. Zikakanika, yang'ana ngati cidole cimodzi cingathawe cikupereka xeque. Mnzako akamapulumutsa mfumu yake, iwe uthawitse cinaco. Zikakanikanso, pulumutsa ca mtengo waukulu. Koma koposa zonse, uziyang'ana akavalo a mnzako asanafike pafupi."

7. Loweruka

Loweruka masana anayala mphasa pansi pa mtengo wa mango. Amayi anabwera ndi licero la nyemba, nakhala pambali. Ana a nyumba zoyandikana anabweranso kudzaonerera.

Mnyamata anati, "Tenga zoyera. Sizicedwa kutha."

Mtsikana anayenda ndi msilikali wa pakati. Mfumukazi anaisiya pamalo pake. Anatulutsa akavalo onse awiri, wina pa f3, wina pa c3. Patapita nthawi, kavalo wothyoka khutu anafika pa d5.

Mtsikana anaona c7. Panali msilikali wakuda. Mfumu yakuda inali pa e8, nsanja inali pa a8. Mtima wake unagunda. Dzanja linanyamuka, koma analibweza pamwendo. Anadzifunsa funso lacitatu. Mfumukazi yakuda inali pa d8. Mlonda analipo.

Mtsikana anayenda ndi cidole cina, nadikira.

Mnyamata anaona msilikali woyera wopanda womteteza kumbali ina ya thabwa. Anacotsa mfumukazi pa d8, napita nayo kutali kukamudya. Anaseka nati, "Ndayamba kudya."

Mtsikana sanayankhe. Anayang'ananso c7. Anayang'ana mfumukazi, abispo ndi akavalo akuda, cimodzicimodzi. Palibe cimene cinkalonda nyumbayo. Ananyamula kavalo nanong'ona, "Imodzi, ziwiri, khota." Anadya msilikali pa c7 nati, "Xeque, acimwene."

Mnyamata anatambasula dzanja kuti adye kavalo, koma panalibe comudyera. Anafuna kuchinga, koma kavalo sachingika. Anaona nsanja yake, nakhala cete. Anasunthira mfumu pa d8. Kavalo anadya nsanja pa a8.

Ana oonerera anakuwa. Amayi anaika licero pansi.

Pakona kavalo ali ndi njira ziwiri zokha. Mnyamata anatseka njira zonsezo, ndipo pambuyo pake anamudya. Mtsikana anamva cisoni, koma anawerenga njere mumtima. Kavalo wake anadya nsanja ndi msilikali, njere 6. Iye anataya njere 3.

Masewera anatalika mpaka mthunzi wa mango unafika kukhola. Zidole zambiri zinadyedwa mbali zonse. Potsiriza mtsikana anatsala ndi nsanja ziwiri. Mnyamata anatsala ndi mfumu ndi asilikali ocepa. Nsanja ziwirizo zinakankhira mfumu yakuda m'mphepete mwa thabwa, mzere ndi mzere. Mfumu inasowa kothawira.

Mtsikana anati, "Xeque-mate."

Mnyamata anayang'ana thabwa nthawi yaitali. Kenaka anapereka dzanja kwa mlongo wake. Anati, "Wandipambana. Zija wacita pa c7 zija, unaziphunzira kuti?"

"Kunkhokwe."

Agogo anaseka mpaka kutsokomola. Anafunsa, "Mdzukulu wanga, masiku asanu aja atha. Kodi ukuleka?"

Mtsikana anatola kavalo wothyoka khutu nati, "Iyayi, agogo. Mawa mundiperekeze kudambo. Ndikufuna dongo loti ndimuumbire khutu lina."

Yankhani:
N'cifukwa ciyani mtsikana sanadye msilikali wa pa c7 poyamba?
Kodi mnyamata analakwitsa pati?
Kavalo anadya njere 6, mtsikana anataya njere 3. Kodi anapindula njere zingati?

Nchito ya m'kalasi

Jambulani thabwa lalikulu pabwalo la sukulu. Nyumba zoyera muziwaze phulusa. Mwana mmodzi akhale kavalo. Adumphe akunena kuti, "Imodzi, ziwiri, khota." Ana awiri aime pa nyumba zina. Kavalo afune nyumba yowaopseza onse awiri. Ena onse aziwerenga naye.

Lembani m'kope mawu awa: kavalo, mfumu, nsanja, mphanda, nyumba.

Nchito ya kunyumba

Yalani zidole pathabwa, mupeze mphanda.

a) Zoyera: mfumu pa h1, kavalo pa e4. Zakuda: mfumu pa g8, mfumukazi pa d7. Zoyera ziyende.
b) Zoyera: mfumu pa h1, kavalo pa f5. Zakuda: mfumu pa e8, nsanja pa b7. Zoyera ziyende.
c) Zoyera: mfumu pa e1, nsanja pa a1. Zakuda: mfumu pa g8, kavalo pa b4. Zakuda ziyende.
d) Pa funso c onjezani mfumukazi yoyera pa d1. Kodi mphanda ija igwirabe?

Mawu m'Cinyanja ndi m'Cipwitikizi

mfumu: rei
mfumukazi: dama
nsanja: torre
bispo: bispo
kavalo: cavalo
msilikali: peão
thabwa: tabuleiro
nyumba: casa
mphanda: garfo

Mawu akuti garfo amatanthauza foloko yodyera. Mawu akuti kavalo anacokera ku Cipwitikizi.

Kwa makolo

Xadrez inayambira ku India zaka pafupifupi 1500 zapitazo. Kucokera kumeneko inafika ku Persia, kenaka kwa Aluya, ndipo Aluyawo anafika nayo ku Spain ndi ku Portugal. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1400 anthu a ku Ulaya anasintha kayendedwe ka mfumukazi ndi ka bispo. Kayendedwe ka kavalo sikanasinthe kuyambira paciyambi. Bungwe loyang'anira xadrez pa dziko lonse, FIDE, linakhazikitsidwa ku Paris pa 20 Julayi 1924, ndipo caka ciliconse 20 Julayi ndi tsiku la xadrez.

Masewerawa safuna ndalama. Thabwa likhoza kukhala katoni, kapena mizere yolembedwa pansi. Pakhale mizere 8 yoimirira ndi mizere 8 yogona. Zidole zikhoza kukhala za dongo, za zitsononkho kapena zotsekera mabotolo. Mwana aumbe yekha kavalo wake.

Kholo limene silidziwa xadrez likhoza kuthandizabe. Amene amasewera bawo kapena nchuwa amadziwa kale kuwerenga nyumba asanagwire nkhomo. Luso lake ndi lomwelo. Kholo limvetsere mwana akamawerenga kuti imodzi, ziwiri, khota, ndipo limukumbutse mafunso atatu aja. Pochula maina a nyumba, mwana amazolowera zilembo ndi manambala. Powerenga njere, amazolowera kuphatikiza ndi kucotsa.

Mwana wa kalasi yoyamba amatopa msanga. Phunziro limodzi patsiku ndi lokwanira. Ayambe ndi kavalo yekha pathabwa, zidole zina zibwere pambuyo. Atsikana ndi anyamata apatsidwe nthawi yofanana. Wamkulu akapambana asaseke wamng'ono, koma amuonetse pamene analakwitsa. Masewera akatha, osewera apatsane dzanja.

Mayankho

a) Kavalo apite pa f6. Aopseza mfumu pa g8 ndi mfumukazi pa d7.
b) Kavalo apite pa d6. Aopseza mfumu pa e8 ndi nsanja pa b7. Akapita pa g7, nsanja imudya.
c) Kavalo apite pa c2. Aopseza mfumu pa e1 ndi nsanja pa a1.
d) Iyayi. Mfumukazi ya pa d1 ikulonda c2, ndipo idya kavalo.